Kachipewa Kofiira ndi Kachipewa Koyera

Dzuwa linali litangolowa pamene mmisiri wokhoma ndowa anatuluka kukaanula zovala pachingwe. Ntchito imeneyi ankaida ndi mtima wake wonse. Ankaanula mothamanga, maso ali kumsewu, kuopa kuti amuna anzake a pagolosale amuona atakumbatira matewera. Anakoka matewera, anakoka nsalu, kenaka anatola tizipewa tiwiri taubweya, kena kofiira, kena koyera. Tinali tating'ono moti chibakera chake sichikanalowamo.

Anthu ankamutcha Jekete. Anali munthu wozizidwa chibadwire, ndipo jekete yake yakuda sankaivula ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Thukuta sankalidziwa.

Mkazi wake anali atachira mapasa, onse aakazi, miyezi isanakwane. Tianato tinabadwa ngati tianapiye topanda nthenga, khungu lopyapyala loonetsa mitsempha, kulira kwake ngati chitseko chofuna mafuta. Kuchipatala anatisunga kanthawi, ndipo powatulutsa namwino anawauza mosapita m'mbali. Ana awa sagonekedwa pamphasa. Aliyense azikhala pachifuwa cha munthu, khungu kukhudzana ndi khungu, atamangidwa ndi nsalu, usana ndi usiku. Azimasulidwa pofuna kuyamwa ndi kusintha thewera basi. Akazizira, apita.

"Mayi ali ndi chifuwa chimodzi," anatero namwino akuyang'ana Jekete. "Chachiwiri ndi chanu, bambo."

Jekete anavomera ndi mutu, koma atafika kunyumba anakana kwamtuwagalu. Akhome bwanji malata ndi kamwana m'malaya? Nanga pagolosale akanena chiyani? M'mudzi muja munthu sachedwa kusanduka nyimbo. Anthu ake ndi apakamwa pokha, ntchito yawo kuseka tsoka la mnzawo. Anabwera kudzasuzumira mapasawo ngati abwera kudzaona ng'ombe ya miyendo isanu, ndipo wina anati asavutike n'kupereka maina, angowononga. Choncho tiana tija tinkatchedwa ndi tizipewa tawo, Kofiira ndi Koyera.

Amene anabwera kudzapereka chifuwa chachiwiri anali mchemwali wake wamkulu wa Jekete, azakhali a anawo. Ndiwo anamulera Jekete, chifukwa mayi awo anamwalira iye ali wakhanda. Anali mayi wodzaza bwino, wa khungu losalala, wosaoneka zaka zake. Paliponse pamene pabadwa mwana wodwaladwala ankafika woyamba, nsalu ili kale paphewa. Mudzi wonse unkawatamanda.

"Mlamu, usalire," anatero tsiku lofika. "Uyu ndinamulera ndekha, ndimamudziwa, ndi gojo pa nkhani ya ana. Kofiiraka n'kanga. Iwe samala kako."

Madzulo aja, atamaliza kuanula, Jekete analowa m'nyumba ndi zovala zija n'kuziponya pampando. Mkazi wake anali atatsamira khoma pamatiresi, maso atalowa m'kati chifukwa cha tulo. Azakhali anali pampando wa pakona, kamwana kali pansi pa nsalu.

"Bweretsani tizipewato," anatero mkazi. "Kofiira n'ka uyo wa kabanga kuseri kwa khutu. Musasokoneze."

"Ndasanduka wantchito wanu tsopano?"

"Mukanakhala wantchito bwenzi mutanyamula mwana wanu."

Jekete anawerama kuti apereke kachipewa kwa achemwali ake, ndipo m'mphuno mwake munalowa fungo. Silinali la mkaka, silinali la thewera. Linali fungo la dothi lonyowa, ngati la pansi pa mtsuko umene wakhala malo amodzi chaka chonse. Anayang'ana pansi. Simenti inali youma.

Kenaka anamva. Gudyu. Ngati munthu waludzu wameza madzi. Patapita kanthawi, gudyu.

"Mwamva?" ananong'ona mkazi.

"Chiyani?"

"Wina akumeza."

"Ndi mwana."

"Mwana wake uti? Onse agona."

Azakhali anatsegula maso n'kumwetulira. "Ndi ndowa zakozo zikudontha panja, achimwene. Ukhome zabwino."

Panja panalibe ndowa ya madzi. Jekete ankadziwa zimenezo.

Mudzi uja unali kale ndi mantha. Chaka chomwecho kamwana ka mwini chigayo kanafa katangoyamba kumwetulira. Sikanatsekule m'mimba, sikanatsokomole, kanangozizira pang'onopang'ono mpaka kuuma. Kamwana ka mphunzitsi nako chimodzimodzi. Maliro onse awiri azakhali aja ndiwo analira kwambiri, poti ndiwo ankathandiza kunyamula. Anthu anafunafuna woti amuloze chala, ndipo anapeza mayi wogulitsa makala wa kuseri kwa nyumba ya Jekete. Mlandu wake unali maso ofiira. Munthu wogwira makala tsiku ndi tsiku maso ake angayere bwanji? Koma mitu ya anthu a m'mudzi muja ndi yongonyamulira katundu.

Masiku anapita. Koyera kanayamba kudzaza timasaya, kankayamwa mpaka mayi ake kuluma mano. Kofiira kankabwerera m'mbuyo. Kakamasulidwa kuti kayamwe kankangogwira bere n'kulisiya. Timiyendo take tinali ngati tizitsotso, tozizira. Mayi ankafinyira mkaka m'kakapu n'kumakadonthezera pakamwa, theka n'kumatayikira m'khosi. Fungo la dothi lija linalowa m'mabulangete, m'makatani, ngakhale mu shuga. Mphaka wa panyumbapo, amene ankagona pansi pa mpando wa pakona uja, anasamuka osabweranso. Ndipo dzuwa likamapendeka, nyumba ikangoti zii, kumeza kuja kunkayamba.

Tsiku la sikelo namwino anakweza Koyera n'kuseka. Anakweza Kofiira n'kusiya kuseka.

"Uyu mukumugoneka pansi."

"Ayi, anesi," anatero mkazi wa Jekete.

"Musandinamize, mayi. Mwana wokhala pachifuwa sazizira chonchi. Amamunyamula ndani?"

"Ine," anayankha azakhali modekha. "Sindinamutsitsepo. Ngakhale kuchimbudzi ndimapita mothamanga. Koma kwathuko kuli anthu oipa, anesi."

Mawu amenewo anafika m'mudzi iwo asanafike. Madzulo ake anyamata anagenda denga la mayi wa makala. Jekete nayenso anapita, mtima uli fuu, n'kukagwetsa matumba onse ndi mwendo. Makala anamwazika mpaka mumsewu.

"Mfiti iwe! Mwana wanga akafa ndidzakuwotcha ndi makala akowa!"

Mayiyo sanathawe. Anaima pakhomo pake, manja ali akuda bii.

"Ana ako sindinawaonepo ndi maso, Jekete. Mumanditsekera chitseko ndikamadutsa. Ndiwadye bwanji, pa khoma?"

"Tseka pakamwa!"

"Ndatseka. Nditolere makala anga."

Sanatole. Anabwerera kunyumba akudzimva kuti wachita zachimuna. Kofiira sikanasinthe.

Kenaka kunabwera madzulo ena a mitambo yakuda. Tizipewa tinali titachapidwanso chifukwa mkaka unali utaumirapo. Mphepo inayamba, ndipo Jekete anathamanga kukaanula mvula isanagwe. M'nyumba munali mdima, nyali inalibe mafuta. Azakhali anali atamasula nsalu n'kutuluka kupita kuchimbudzi. Tiana tonse tiwiri tinali pamiyendo ya mayi awo, titangoyamwa, ndipo mayiyo mutu unali utagwera paphewa.

"Avekeni tizipewa," anatero m'tulo. "Azizidwa."

Jekete anatukwana chapansipansi. Zala zake zinazolowera malata, osati timitu tofewa ngati mapapaya akupsa. Anaveka uyu, anaveka uyo, osayang'ana kuseri kwa khutu, n'kutuluka kukalowetsa zida zake. Azakhali atabwera anatola ka chipewa chofiira monga mwa masiku onse, n'kukamanga pachifuwa.

Tsiku limenelo kumeza kuja kunamveka mpaka panja, pamwamba pa mvula. Gudyu, gudyu, gudyu, motsatizana, ngati munthu wapeza chitsime atayenda mtunda wautali.

M'mawa mkazi wa Jekete anadzuka ndi mfuu.

"Abambo! Koyera kapepuka! Gwirani timiyendoti!"

Jekete anagwira. Tinali tozizira.

"Dzulo kanali bwinobwino," analira mkaziyo. "Alamu, taonani, zalowa kwa uyunso!"

"Wa makala uja wasintha mwana," anatero azakhali akupukusa mutu. "Waona kuti kwa ine walephera. Taona kangaka m'mene kalemerera lero. Pepa mlamu, chifuwa chako n'chochepa mphamvu."

Nkhope yawo inali kuwala ngati adzola mafuta.

Amayi a m'mudzi anayamba kubwera kudzaona zodabwitsazo. Ankatamanda azakhali, n'kumamuyang'ana mkazi wa Jekete cham'mbali. Wina anati mkaka wake ndi woipa. Wina anati mwina iye yemwe ndi amene akudziwapo kanthu, poti kubereka tinthu totere si kwabwino. Ankanena ali m'nyumba mwake momwe, atakhalira mipando yake. Mkaziyo anangomanga nsalu yake molimba, n'kumapumira mpweya wofunda pa kachipewa koyera, osagona, osadya bwino.

Ndipo zinthu zinatembenukanso. Ka chipewa choyera kanayamba kufunda. Kanayamba kugwira bere osalisiya, tsiku lina mpaka kanalira mokweza, mawu enieni a mwana. Ka chipewa chofiira, kamene kanalemera tsiku lija, kanayamba kufota. Masaya anaphwa. Maso sankatsegulanso.

Jekete mutu unaima. Ankakhoma ndowa n'kuphonya, nyundo n'kugwera pachala. Matenda anji odumpha uku ndi uku ngati chule?

Masana ena analowa m'nyumba kudzamwa madzi. Azakhali anali panja pansi pa mtengo ndi amayi anzawo, akusenda nyemba. Mkazi wake anali m'chipinda akusintha thewera la ka chipewa choyera. Kamwanako kanaponya mwendo, kanapotoza mutu, kachipewa n'kuvuka.

Kuseri kwa khutu kunali kabanga kakuda.

Kapu inamugwa m'manja.

"Amake mapasa. Wa kabanga ndi uti?"

"Kofiira. Bwanji?"

"Tayang'anani."

Mkaziyo anayang'ana. Anayang'ananso. Anagwira pakamwa.

"Ndinasokoneza ndine," anatero Jekete pang'onopang'ono. "Tsiku la mvula lija. Aka ndi Kofiira. Kanabwera kwa inu kali kutha, ndipo kachira. Ali panjapo ndi Koyera. Kanapita kwa iwo kali konenepa."

"Ndiye kuti..."

"Si mwana. Si wa makala. Ndi chifuwa."

Mkazi anamugwira dzanja. "Katengeni mwana wanga. Abambo, katengeni pompano."

Jekete anadzera kumene amagwirira ntchito n'kutola sizasi yake yaikulu yodulira malata. Pansi pa mtengo paja panali amayi angapo, pamodzi ndi mkazi wa mwini chigayo, uja anataya mwana. Ankaseka nkhani zawo. Azakhali anali pakati, lichero lili pamiyendo, nsalu itamangidwa mfundo paphewa. Dzuwa linali lamphamvu, koma Jekete atayandikira anamva kuzizira kumaso ngati watsegula chitseko cha mosungira maliro.

"Achemwali, ndipatseni mwana."

"Wagona."

"Ndipatseni."

"Kodi lero wakumbuka kuti ndiwe bambo?" anatero azakhali, amayi aja n'kuphulika kuseka. "Pita ukakhome zitini, izi n'za akazi."

"Jekete akufuna kuyamwitsa!" anakuwa wina.

Gudyu.

Kuseka kunaduka. Onse anamva. Pakamwa pa azakhali panalibe kanthu, koma khosi lawo linakwera n'kutsika.

Jekete anagwira mfundo ya nsalu n'kulowetsa sizasi. Azakhali anamugwira dzanja. Zala zawo zinali ngati waya wa m'mawa wa mwezi wozizira, ndipo zinafinya mpaka fupa kulira.

"Usayerekeze," anatero. Mawu sanali awo a masiku onse. Anachokera pansi, m'mimba. "Sindinamalize."

Anadula. Nsalu inagwa, lichero linagubuduka, nyemba zinamwazika. Kamwana sikanagwe. Kanali katamatirira pachifuwa popanda chokagwira, ngati kanyama komata pakhoma. Jekete anataya sizasi, anakagwira ndi manja awiri n'kukoka. Kanamatuka ndi phokoso ngati phazi likuzuka m'matope.

Amayi aja anaona zonse, masana dzuwa likuwala. Pakati pa chifuwa cha azakhali panali dzenje lolowa m'kati, lotuwa, lonyowa, kukula kwake kokwana kamwana. Fungo la dothi linatuluka m'menemo mpaka ena anatsokomola. M'mphepete mwa dzenjelo munali tizidindo ta timanja tating'ono, ngati ana anakankha kufuna kutuluka. Tinali tambiri. Sitinali ta mwana mmodzi, ngakhale awiri.

Mkazi wa mwini chigayo anagwa chogwada.

"Mwana wanga! Ndinakupatsani ndekha! Ndinakuthokozani!"

Azakhali anaimirira osafulumira. Anatola nsalu yodulidwa ija n'kufunda. Sanayang'ane amayi aja. Anayang'ana mlongo wawo, amene anali atagwira kamwana kolendewera manja, kotuwa milomo.

"Ukapita nako kuti? Kwa mkazi wako? Chifuwa chake chili ndi mwini kale." Anaseka. "Kapena pa iwe? Sunadzifunsepo chifukwa chake umavala jekete m'chilimwe? Munabadwa awiri, iwe. Amayi atapita ndinakunyamulani nonse. Mnzako ndinamaliza. Iwe anandilanda agogo ndisanafike pakati. Ndiwe chotsala, achimwene. Ulibe moto woti upatse munthu."

Anatembenuka n'kuyenda kulowera kumsewu. Palibe anawagwira. Amayi a pakamwa aja, amene anatumiza ana awo kukagenda wa makala, anangopatuka kuwapatsa njira. Atafika pokhota anayamba kuthamanga, liwiro losayenera munthu wa thupi lotero, ndipo fumbi silinabuke pamene ankaponda.

Jekete anatsala ataima. Kamwana kanali kupuma patalipatali, kachifuwa kakukwera ngati sikatsikanso. Mkazi wake anatuluka akudzikoka, Kofiira kali pachifuwa.

"Abambo, vulani."

"Mwamva zimene anena. Ndikapha."

"Vulani jekete!"

"Ndine wozizira, amake mapasa!"

"Ndiye mukufuna ndikapatse ndani? Awa?" Analoza amayi aja. Onse anayang'ana pansi.

Jekete anavula jekete pamaso pa anthu, koyamba chikulire. Anavula malaya. Nthiti zake zinali pamtunda, khungu lili ndi tsembwe. Mkazi wake anakaika kamwana pakati pa chifuwa chake, anapotoza kamutu kuti kapume, n'kumanga nsalu molimba kumsana. Kanali kozizira ngati mwala wa mumtsinje. Mano a Jekete anayamba kugundana.

Mayi wa makala ndi amene anabwera, osaitanidwa. Anatenga mbaula imene Jekete amatenthetsera chitsulo chowotcherera ndowa, anathiramo makala ake, anakoleza, n'kuiika kumbuyo kwa mpando wake.

"Khala apa, msana ufunde. Mwana asayandikire utsi," anatero. "Ndipo matumba anga aja udzanditolera."

Jekete sanathe kumuyang'ana kumaso.

Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Amuna a pagolosale anamva ndipo anabwera kudzaonerera, monga mwa khalidwe lawo. Wina anayamba, "Amayi Jekete, mwana akuyamwa bwino?" Jekete anangomuyang'ana, ndipo munthuyo anameza mawu ake otsala. Mkazi wake ankabwera ndi kakapu, kudontheza mkaka pakona ya kamlomo. Woyamba unatayika. Wachiwiri unatayika. Jekete ankalankhula ndi kachipewa kofiira kaja chapansipansi, mawu okalipa, chifukwa ena sankawadziwa.

"Usandichititse manyazi, iwe. Wamva? Anthu akuyang'ana. Puma."

Chakumadzulo, nthawi imene kumeza kuja kunkayamba masiku onse, nyumba inali zii. Kenaka pansi pa nsalu panamveka kakumeza kena, kakang'ono, ka mkaka. Kaphazi kanamukanda m'nthiti. Jekete anamva chinthu chikuyenderera kuchokera m'khosi kutsikira pamimba, ndipo anadzidzimuka poganiza kuti ndi magazi. Mkazi wake anagwira ndi chala n'kuyang'ana.

"Ndi thukuta, abambo."

Ndowa sizinakhomedwe kwa nthawi yaitali pakhomo paja. Makasitomala ena anapita kwina, ndipo pagolosale nyimbo anaipeka ndithu. Jekete ankadutsa pomwepo popita kusikelo, chifuwa chili patsogolo, kachipewa kakusuzumira pakhosi la malaya. Ana onse awiri anapatsidwa maina. Mwa onse amene analakwira mayi wa makala, amene anapita kukapepesa ndi Jekete yekha.

Azakhali sanaonekenso m'mudzimo. Nyumba yawo anaipeza yosatseka, pansi ponse pali chinyezi ngakhale kunja kunali kouma, ndipo mpaka lero palibe wafuna kukhalamo. Koma woyendetsa minibasi wina anati anawanyamula. Anati anakhala pafupi ndi kamtsikana kochokera kuchipatala, kotopa, kali ndi kamwana kosakwana masiku m'malaya. Anatsikira limodzi. Mayi wachifundoyo ndi amene ananyamula chikwama.

Inu abambo amene mkazi wanu wachira kamwana kotere, musadikire munthu wobwera ndi nsalu paphewa. Vulani malaya nokha.